Chipere, Chikanga, Mphere kapena Khate: Kusiyanitsa pa Maikulosikopu

Odwala ena obwera ku chipatala cha Mapale kapena cha Mzuzu Central ndi zigamba pakhungu amakhala atadzola kale mankhwala a steroid (ochepetsa kuyabwa ndi kutupa) ogula pamsika. Mankhwalawa amafafaniza mkombero wa chipere, moti ndi maso simungachisiyanitse ndi nthenda zina. Apa mpamene labu imathandiza, koma yankho limadalira malo amene mwapala.

Pukutani chigambacho ndi spiriti wa 70% kuchotsa mafuta, chiume. Palani ndi mpeni wa opaleshoni wa nambala 15 m'mphepete, pomwe nthenda ikufalikira. Pakati pamakhala patayamba kupola ndipo simupezapo kanthu. Ikani timakoko ta khungu pa silaidi, dontho limodzi la KOH (potassium hydroxide, mankhwala osungunula khungu) wa 10%, vundikirani ndi kagalasi, dikirani mphindi 15 mpaka 20. M'mawa wozizira wa Juni khungu limachedwa kusungunuka, choncho dutsitsani silaidi pamwamba pa lawi kangapo, koma isawire. Ikawira kapena kuuma, KOH amapanga timiyala tonga singano tosokoneza.

Chepetsani kuwala, yambani ndi lenzi ya 10x, tsimikizani ndi 40x. Chipere chimaoneka ngati ulusi wautali, wa nthambi, wokhala ndi mfundo ngati nzimbe, wodutsa pamwamba pa maselo mosatsata malire awo. Chikanga, choyambitsidwa ndi fangasi wotchedwa Malassezia, chili ndi timaulusi tatifupi topindika, tosakanizana ndi timipira tounjikana. Chimene chimanyenga ambiri ndi mizere yozungulira selo lililonse ngati ukonde: imeneyo ndi malire a maselo chabe, ndipo imazimiririka khungu likasungunuka bwino. Ulusi wa thonje umakhala wonenepa, wopanda mfundo.

Pa mphere gwiritsani ntchito mafuta a mineral oil, chifukwa KOH amasungunula ndowe za kachilombo ka mphere, zomwenso ndi umboni. Funani kanjira kopyapyala pakati pa zala kapena pamfundo ya dzanja, pomwe sipanakandidwe, palani malo angapo. Kachilombo kakakazi ndi kozungulira, pafupifupi 0.4 mm, kamiyendo 8. Mazira kapena ndowe zokha zikukwanira. Kusapeza sikutanthauza kuti mphere palibe, makamaka ngati a m'nyumba onse akukanda usiku.

Chigamba chotuwa chosayabwa, chopanda timakoko, musathamangire kuchitcha chikanga. Khate lidakalipo kuno kumpoto. Kafukufuku wa khate anakhazikitsidwa ku Chilumba, m'boma la Karonga, mu 1979. Wodwala atseke maso, mumugunde ndi kathonje pachigamba ndi pakhungu labwino. Ngati pachigamba sakumva, tengani slit-skin smear (madzi a m'kati mwa khungu opaka pa silaidi) pansonga ya khutu ndi m'mphepete mwa chigamba. Tsinani khungu mpaka magazi athawe, chekani 5 mm m'litali ndi 2 mm kuya, tembenuzani mpeni mupale madzi a m'kati. Magazi akalowa amabisa tizilombo. Popaka utoto wa Ziehl-Neelsen, woonetsa tizilombo ta TB ndi khate, tsukani ndi acid alcohol (spiriti wosakaniza ndi asidi) wa 1%, osati wa 3% wa TB, chifukwa tizilombo ta khate timataya utoto msanga. Pa 100x mudzaona timitengo tofiira, tina titamangana ngati mtolo. Wa zigamba zochepa nthawi zambiri silaidi yake siionetsa kanthu. Choncho ngakhale silaidi isaonetse kanthu, ngati chigamba chili dzanzi, mutumizeni wodwalayo kwa woona za khate tsiku lomwelo.