Momwe mungakonzere pate ya mwana yotengera buku lake la nthano kuno ku Salima

Mwana wanga wamkazi atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 8 anandiuza kuti zamabaluni ndi keke basi sakuzifuna, akufuna pate yonga m'buku lake lija la chinjoka chamapiko cholavula moto, mfumu, ndi kamtsikana kosaka mkanda wotayika. Poyamba ndinaseka koma zinatheka ndithu, ndalama zakenso sizinali zoopsa ayi.

Choyamba, bukulo liwerengeni nokha, osangomva za mwana. Mabuku ambiri oterewa muli zamatsenga, ndiye mukudziwa kwathu kuno mukangomuveka mwana chipewa chosongoka n'kumupatsa tsache, mawa lake nkhani ili ponseponse kuti kwa auje akuphunzitsa ana ufiti, mpaka kutchalitchi kapena kumzikiti ikafika. Ife tinangotengamo mfumu, asilikali, chinjoka ndi chuma chobisika, zinazo tinazisiya m'buku momwemo. Pa uthenga woitanira anthu pa WhatsApp tinalemba poyera kuti ndi masewero a nthano.

Kenako nthawi ndi malo. Ngati mwana anabadwa mu Okutobala kapena Novembala musayerekeze kuyamba 12 koloko, dzuwa la Salima silinyengerera munthu. Yambani cha m'ma 3 pansi pa mtengo wa mango, ikamakwana 6 ana azipita udzudzu usanayambe. Ena amakonda ku Senga Bay, ndi makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma, kumchengako n'kokoma inde koma ana ndi nyanja pamafunika akuluakulu angapo oti maso ali pa iwo basi osati pa foni, komanso miyezi ya mwera, Juni mpaka Ogasiti, mphepo imakuulutsirani zokongoletsa zonse.

Zovala musavutike nazo. Pemphani makatoni kugolosale, mudule zisoti zachifumu, zishango ndi malupanga, ana apente okha akafika, imeneyo ndi gemu kale yoti iwatengera mphindi 30. Mkanjo wa mfumu ndi chitenje chomanga pakhosi. Chinjoka tinapanga mutu wa katoni, thupi lake zitenje zitatu zolumikiza ndi mapini, mkati munalowa amalume ake ndi anyamata awiri. Kamwana kena ka zaka 3 kanalira mpaka kukakamira mayi ake kumsana, ndiye tiana tating'ono tiwonetseni kaye kuti mkatimo muli munthu.

Pomwe pali pate yeniyeni ndi posaka chuma, apa ndiye ikanipo mtima. Jambulani mapu a pakhomo panu, pepalalo muliviike mu tiyi wopanda mkaka, likauma muwaule m'mbali ndi kandulo lizioneka lakalekale. Malo muwapatse mayina a m'bukumo: khola la nkhuku likhale phanga, thanki yamadzi ikhale nyanja, khonde likhale nyumba ya mfumu. Pamalo paliponse bisani kapepala ka ndagi, akamasulira ndiye adziwe kolowera. Ndagi zake zomwe tinakulira nazo zija, monga nyumba ya amayi yopanda khomo, ana akakuwa kuti dzira athamangire kukhola. Agaweni magulu awiri osakaniza akulu ndi ang'ono, apo ayi akuluwo amaliza zonse mphindi zisanu enawo ayamba kulira. Chumacho chikhale kabokosi ka maswiti, mapensulo ndi mabisiketi okwanira mwana aliyense, osati wopambana yekha.

Chakudya ndi chomwechi chathu, mungochisintha mayina. Mandasi ndi mazira a chinjoka, juwisi wa malambe ndi chakumwa cha asilikali, mpunga ndi nkhuku ndi mgonero wa kwa mfumu. Nsomba ana ang'ono ayi, minga. Mukaitana ana 15 phikani za 30, a maneba amabwera okha ndipo simungawabweze pageti.

Za keke ndinaphunzira movutika. Ndinaoda ya kirimu wambiri yooneka ngati nyumba ya mfumu, tinakatenga m'mawa, magetsi n'kuzima, pofika 4 koloko nsanja zonse zinali zitagwera mbali imodzi ngati chulu chokumbidwa. Katengeni keke nthawi itatsala pang'ono, ndipo wopangayo mumuuze kuti ikakhala panja potentha. Nyimbo dawunilodanitu pa foni, sipika itchajidwe dzulo lake.

Keke ikadyedwa ana amakhala atatopa, ayalireni mphasa. Ife tinapempha agogo ake kuti atsekere ndi nthano, anangoti "Padangokhala", ana onse "Tili tonse!", n'kuyamba ya Kalulu ndi Fisi. Makolo obwera kudzatenga ana anaima pageti kudikira kuti ithe, amalume aja ali chigonere pa mphasa, mutu wa chinjoka atautsamira.