Mmene ndinathanirana ndi ambulera yapagombe youluka ndi mphepo

Ambulera yanga ija yaikulu, ya mamita awiri mulifupi, imati mphepo ikangowomba pang'ono basi yazuka, kugubuduzika mumchenga anthu nkumathawa, nthawi zina nsalu kutembenukira m'mwamba mpaka kawaya kamodzi kanapindika.

Ndinayesa kuibaya mwamphamvu mumchenga, sizinathandize. Kuunjika miyala patsinde nakonso ayi ndithu.

Chomwe chinagwira ntchito ndi kuzama komanso kupendeketsa. Chotsani kaye mchenga wouma wapamwamba uja mpaka mufike ponyowa, kenako lowetsani chitsulo chapansi mukuchigwedezera kutsogolo ndi kumbuyo, osati kungokankha, mpaka chilowe masentimita 40 kapena kuposerapo. Thiranipo madzi nkupondaponda kuti mchenga ugwirane. Ndiye apa mpamene pali nkhani: mutu wa ambulera uweramire komwe mphepo ikuchokera. Ikatero mphepo imakankha pamwamba pa nsalu nkuikanikizira pansi, koma ikalowa kunsi kwa nsalu imainyamula yonse, olo mutakumba bwanji. Mphepo ikasintha mbali inunso tembenuzani, osachita ulesi.

Ndinaonjezera zingwe zitatu, kumanga pamwamba pa chitsulo nsalu isanayambe, mbali inayo kumangirira matumba odzaza mchenga nkuwakwirira. Zida zake ndi kafosholo, zingwe ndi matumba akale basi.

Kawaya kopindika ndinakawongola ndi pulayazi nkukamangirira ku kachitsulo kena ndi tepi. Mukamagula ina sankhani ya fiberglass (pulasitiki yolimba yosachita dzimbiri) yokhala ndi kabowo kotulutsira mphepo pamwamba, zachitsulo zimachita dzimbiri msanga ndi madzi amchere. Mphepo ikafika pouluza mchenga ine ndimangoitseka.