Kumanga kandeke ka Hurricane ka 1/72 kuno ku Lusaka opanda airbrush, kamakina kopopera penti

Anthu ambiri akafuna kuyamba zomanga tindeke tapulasitiki amathamangira Spitfire chifukwa ndi yokongola, koma ine ndimati yambani ndi Hawker Hurricane. Miyendo yake ndi yotalikirana ndiye kandeke kamaima bwino patebulo, ya Spitfire ndi yopanikizana, ikapendekeka pang'ono chabe aliyense aona. Futi Hurricane ili ndi nkhani yathu. Gulu lina la RAF, asilikali a ndege zankhondo a Britain, No. 245, linapatsidwa dzina la Northern Rhodesia ndipo mu 1940 limauluka ndi ma Hurricane kuchokera ku Aldergrove ku Northern Ireland, zilembo zake pambali zinali DX. Ndegeyi anaipanga ndi Sydney Camm, inauluka koyamba pa 6 November 1935 ndi injini ya Rolls-Royce Merlin, ndipo pa Battle of Britain, nkhondo ya mumlengalenga ya ku Britain mu 1940, inagwetsa ndege za Germany zambiri kuposa Spitfire, kungoti ulemu unapita kwa mnzake.

Gulani ya 1/72, kutanthauza yochepa ka 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni. Mapiko a ndege yeniyeni anali mamita 12 ndi pang'ono ndiye kanu katuluka masentimita 17, kokwana pa shelefu. Ya 1/48 ndi yabwino koma mtengo wake ndi penti yomwe imadya, siyoyambira. Ma kit, mabokosi a tizidutswa tomangira kandeke, kuno sapezeka wamba, ambiri timatuma wachibale wobwera kuchoka ku Johannesburg kapena London, kapena kuitanitsa pa intaneti nkudikira. Ngati mukutuma munthu muuzeni afune starter set ya Airfix, imabwera ndi penti, bulashi ndi guluu m'bokosi momwemo. Zina zonse muzipeza ku Kamwala kapena m'nyumba mwanu: nelikata, lezala, ka failo kopalira zikhadabo, masking tape, mapegi a zovala, malabala, timitengo totokosera mano, guluu woyera wa matabwa, ndi chigubu cha ice cream chotsuka bwino. Chigubucho musachiderere, ndibweranso kwa icho.

Mukatsegula bokosi musathothole chilichonse. Tizidutswa timabwera titamatirira ku chimango, sprue, ndipo nambala ili pa chimangocho osati pa kachidutswa, mukathothola zonse mwasokoneza manambala. Tsukani chimango chonse m'madzi ofunda ndi sopo wa mbale kuti mafuta a ku fakitale achoke, chiume chokha. Podula gwiritsani nelikata, dulani motalikirako kenako palani kotsalako ndi failo, osapotokola ndi zala, pulasitiki imang'ambika nkusiya dzenje.

Timayambira mkati, mu cockpit mokhala woyendetsa, chifukwa mukatseka thupi simufikamonso. Pentani mkatimo mtundu wobiriwira motuwa, pa penti za kampani ya Humbrol ndi nambala 78, bolodi la mawotchi likhale lakuda. Musatayepo sabata apa, galasi likavala zambiri sizioneka. Malamba a mpando dulani timizere ta masking tape, basi zakwana.

Manje guluu. Musanapake chilichonse yesani kaye kugwirizanitsa mbali ziwiri za thupi zouma, muone ngati zikupsompsonana bwino, ngati pali mpata funani chomwe chikutchinga, nthawi zambiri ndi ka cockpit komwe kakhala mokhota. Guluu wa ma kit samata ngati guluu wina, amasungunula pulasitiki kuti ziwirizo zikhale chimodzi, ndiye penti ikakhala pamalo omata palani kaye ichoke apo ayi sizigwira. Wa mchubu finyirani papepala muzitapa ndi kamtengo ka mano. Ukakhudza chala ndiye mwagwira phiko, chidindo cha chala chanu chikhala pomwepo mpaka kale. Mukapeza Tamiya Extra Thin ndiye mwalemera, mumangogwirizanitsa zidutswa nkukhudza pamzere ndi kabulashi, guluu amayenda yekha. Mangani ndi malabala, mapiko panani ndi mapegi, musiye igone.

Mawa lake palani mzere wa pamsana ndi wa pansi mpaka chikhadabo chisakodwe mukachiyendetsapo. Apa chenjerani kwambiri, kumbuyo kwa Hurricane kuchoka pa cockpit kufika kumchira kunali kokutidwa ndi nsalu pamwamba pa timitengo, ndipo pa kit zimaoneka ngati timizere totukuka. Mukapala mwaukali mufafaniza timizereto, ndiye mwachotsa chomwe chimaipanga kukhala Hurricane. Matani tepi mbali zonse ziwiri za mzere musanapale. Mapiko akamauma yang'anani kandeke kuchokera kutsogolo, diso limodzi lotseka, muone ngati nsonga zonse zakwera mofanana komanso timapiko takumchira tagona bwino. Propela, matayala, eriyo ndi ma ekizozi sungani pambali, zimenezo ndi zomaliza.

Penti ndi pomwe Lusaka amatipweteka. Ya 1940 pamwamba ndi Dark Earth ndi Dark Green, Humbrol 29 ndi 30, pansi ndi mtundu wotchedwa Sky womwe anayamba kupaka pakati pa chaka chomwecho, ambiri amagwiritsa nambala 90. Takasani penti mpaka dzanja litope, kenako sungunulani ikhale ngati mkaka, ya acrylic ndi madzi, ya enamel ndi thinner yake. Kupaka koyamba kuoneka koipa, mizeremizere pulasitiki ikuonekera, ndipo apa ndi pomwe anthu amapupuluma nkuthira penti yambiri. Ayi, isiyeni iume, pakaninso kachiwiri, kachitatu, mudzadabwa ikusalala yokha ndipo timizere ta mapanelo tikuonekabe. Yambani ndi mtundu wowala, Sky pansi, tsekani ndi tepi, Dark Earth pamwamba ponse, kenako jambulani mabala ndi pensulo motsatira pepala la m'bokosi nkudzaza Dark Green. Tepi muiyambe mwaimata pa thalauzi kamodzi kuti mphamvu ichepe, isakazule penti.

Mu October acrylic imaumira pa bulashi musanafike nkumapeto kwa phiko, so pentani m'mamawa kapena usiku, muzinyowetsa bulashi pafupipafupi ndipo pomwe mwadutsa musabwerezepo ikadali yaiwisi. Mu August ndi fumbi, mphepo ija imalowetsa dothi ngakhale mawindo atsekedwa. Mukangomaliza kupaka vundikirani kandeke ndi chigubu chija, ikani ka bokosi ka machisi pansi pa mlomo wake kuti mpweya uzilowa. Enamel ipatseni tsiku lathunthu, ndipo ndi fungo lake lija musapentere m'chipinda chogona ana. Malaiti akapita ingosiyani, pa kandulo zobiriwira ndi zofiirira zimafanana, komanso thinner ndi moto sizigwirizana. Ndipo musaumitse padzuwa kapena kusiya kit pa dashboard ya galimoto, mapiko apindika.

Ma decal, tizizindikiro tija ta RAF, amafuna posalala. Mukawamata pa penti ya matt, yosanyezimira, mpweya umatsekeredwa pansi ndiye m'mphepete mwake mumanyezimira ngati siliva. Pakani kaye vanishi ya gloss, yonyezimira. Dulani imodzi imodzi, viikani m'madzi ofunda masekondi ochepa, ikani patebulo mpaka iyambe kutsetsereka papepala, kenako ikankhireni pamalo ndi bulashi yonyowa, osati zala. Finyani madzi ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja. Zikauma tsekani zonse ndi vanishi ya matt, koma osati tsiku la mvula, chinyezi chimaichititsa kuyera.

Galasi la pamwamba matani ndi guluu woyera wa matabwa chabe. Super glue amatulutsa nthunzi yomwe imachititsa galasi khungu, ndipo wa pulasitiki uja akadontha amalidya. Galasi la Hurricane lili ndi timafelemu tambiri, njira yosavuta ndi kupenta ndi kabulashi kakang'ono, ikauma pang'ono nkupala zosefukira ndi kamtengo ka mano, acrylic imachoka bwinobwino osakanda.

Propela ndi yakuda nsonga zachikasu. Kutsogolo kwa mapiko pa mabowo a mfuti 8 zija za Browning ankamatapo tinsalu tofiira kuti dothi ndi kuzizira zisalowe, ikani timabala tofiira pamenepo. Utsi wa ekizozi palani nsonga ya pensulo, tapani ndi ka thonje ka m'makutu nkukoka kuchokera ku ekizozi kupita kumbuyo. Ngati mukufuna penti yooneka yokanduka ikani timadontho ta siliva pa mapanelo a injini ndi patsinde la phiko lakumanzere pomwe woyendetsa amaponda pokwera, koma kumbuyo kwa nsalu kuja musaikeko olo kamodzi, nsalu siionetsa chitsulo. Miyendo matani pomaliza, kandeke kagone chagada pa kapu usiku wonse, mukakaimika guluu asanaume miyendo itagaza.