Mukapeza ngaka m'munda, yambani mwadziwa thupi lake

Ngaka ikamva mgugu wa munthu sithawira kutali. Imabisa mutu pamimba, n'kudzikulunga ndi mchira mpaka kukhala ngati mpira. Mamba ake ndi opangidwa mofanana ndi zikhadabo zathuzi, mulibe mankhwala alionse, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a thupi lonse. Mkango umangoigubuduza mpaka kutopa. Koma kumimba ndi kukhosi kulibe mamba, n'chifukwa chake imakana zoti muifunyulule.

Choncho musaikakamize. Mamba a kumchira ndi akuthwa m'mphepete, ndipo ikapotokola mchirawo imacheka zala. Komanso mkati mwa mpirawo mungakhale mwana, poti mayi akaopsezedwa amamukulungira pamimba. Ngaka imabereka mwana mmodzi yekha, kawirikawiri kamodzi pachaka. Mangani agalu, chotsani ana, taimani patali mwakachetechete. Maso ake ndi ofooka, imadalira mphuno ndi makutu. Phokoso likatha imadzifunyulula yokha n'kumapita.

Ena amaitsekera m'nyumba poganiza kuti akuisamala. Kumeneko n'kuipha. Ngaka ilibe dzino ngakhale limodzi. Imang'amba chisa cha nyerere kapena chiswe ndi zikhadabo zitatu zazitali za kutsogolo, n'kulowetsamo lilime lonanda loposa masentimita 25, lomwe tsinde lake lili mkati mwenimweni mwa thupi, kufupi ndi mimba. Podya imatseka mphuno ndi makutu kuti nyerere zisalowe, ndipo mchenga umene imameza ndiwo umathandiza kupera chakudya m'chifu. Nyama yotere mkaka, chimanga kapena nyama siingadye. Ikasungidwa masiku ochepa chabe imafooka ndi njala, ludzu ndi mantha, ndipo zambiri zimafa ndi chibayo.

Ngati yavulala, iikeni m'bokosi lolimba lamatabwa lokhala ndi mabowo a mpweya, muyalemo nsalu, pamthunzi. Musaiike m'katoni, imaboola. Dziwitsani a zanyama zakutchire tsiku lomwelo. Malonda a ngaka pakati pa mayiko adaletsedwa kotheratu pa msonkhano wa 2016 wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire.

Amene muli ndi mpanda wamagetsi, mvetsani bwino apa. Ngaka imayenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itapindidwa m'mwamba, mchira ukuithandiza kuti isagwe. Ikafika pampanda, waya wam'munsi umaikhudza pamimba popanda mamba paja. Magetsi akaigwira, m'malo mobwerera m'mbuyo imachita zomwe imadziwa: imadzikulunga pawaya womwewo, magetsi n'kumaimenyabe mpaka kufa. Kwezani waya wamagetsi wam'munsi ufike masentimita 30 kuchokera pansi, kapena muuchotse magetsi. Yenderani mpandawo m'mawa uliwonse, popeza ngaka imayenda kwambiri usiku. Mukaipeza itakodwa, zimitsani magetsi kaye musanaigwire.