Penshoni yanu inatsala ku South Africa? Nayi njira yoitulutsira muli kuno kwathu

Abale anga amene munagwirako nchito ku South Africa manje munabwerera, kaya muli mu Kapata, ku Katete, ku Chadiza olo ku Lundazi, nkhani iyi ndi yanu. Ngati nchito yanu inali yolembedwa bwinobwino, ya payslip, tengani payslip yakale muyang'ane mbali imene amalemba zodula, pansi pa PAYE ndi UIF nthawi zambiri pamakhala kamzere kolembedwa provident fund kapena pension fund. Ena munadzitsegulira nokha retirement annuity, penshoni yodzisonkhera mwekha, ku kampani ya inshuwalansi. Ndalama imeneyo ikadali m'dzina lanu ndipo zimandipweteka maningi kuona munthu akuvutika kugula feteleza wa munda umodzi chabe pomwe thukuta lake la zaka zambiri lili gone ku Johannesburg.

Choyamba tichotse maganizo oti ndalamayo angaisamutsire ku NAPSA. Palibe njira imeneyo. Fandi ya ku South Africa imasamutsira ndalama ku fandi inzake ya komweko basi. Kuti ifike kuno iyenera kutuluka ngati kashi, a SARS, omwe ndi ZRA ya kumeneko, adulepo msonkho wawo, yotsalayo ndiye iwoloke kudzera ku banki. Ndiye nchito yonse yagona pa kutsegula loko, ndipo loko wake amasiyana kutengera mtundu wa fandi ndi pepala limene munkakhalira m'dzikomo.

Kuyambira pa 1 September 2024 ku South Africa anayamba dongosolo lotchedwa two-pot, kutanthauza miphika iwiri, ngakhale kunena zoona miphika yake ndi itatu. Ndalama imene munasonkha tsikuli lisanafike, kupatula kagawo kochepa kamene anakasamutsira mu savings pot, ili mu vested pot ndipo imayendera malamulo akale, kutanthauza kuti ngati ndi provident kapena pension fund ya kunchito, mukasiya nchito mutha kuitenga osadikira. Pa zimene mwasonkha kuchokera tsikuli, gawo limodzi mwa atatu limalowa mu savings pot, umo mutha kutapamo kamodzi pa chaka cha msonkho bola isachepere R2,000, chaka chawo cha msonkho chimayamba pa 1 March. Magawo awiri otsalawo amalowa mu retirement pot ndipo uyu ndiye wokhomedwa zenizeni mpaka zaka 55. Retirement annuity nayo ndi yokhoma chimodzimodzi. Amene munasamutsira ndalama ku preservation fund posiya nchito, fandi yongosungira penshoni mpaka popuma, lamulo lakale limalola kutapa kamodzi kokha, mukatapa yotsalayo imakhomeka.

Makiyi a ndalama yokhomayo musanafike 55 alipo awiri. Yoyamba ndi ya amene munkagwira nchito pa work visa: visa ikatha ndipo mwatulukadi m'dzikomo, lamulo limalola kuti fandi ikupatseni, simudikira zaka ai. Apa chofunika ndi kope ya visa yothayo ndi chidindo cha tsiku lotuluka, chija amadinda pa Beitbridge kapena pa OR Tambo. Ambiri a ife kiyi yathu ndi imeneyi koma sitidziwa, timangomva za zaka zitatu za kiyi yachiwiri n'kutaya mtima.

Yachiwiri ndi ya amene munali ndi permanent residence kapena pepala lina losakhala la nchito. Kuyambira pa 1 March 2021 lamulo limati muyenera kukhala zaka zitatu zotsatizana musali munthu wolipira msonkho ngati wokhala ku South Africa. Apa ndiye pamene anthu amagwa, mvetserani bwino. Kukwera basi n'kubwera ku Chipata pakokha sikuuza SARS kanthu, m'makompyuta mwawo mukadali wokhala ku Germiston kapena kulikonse kumene munalembetsa. Muyenera kulowa pa eFiling, tsamba la SARS la pa intaneti, pa fomu ya RAV01, mulembe deti imene munasiya kukhala kumeneko, ndiye iwo adzakufunsani umboni: masamba a pasipoti oonetsa kulowa ndi kutuluka, umboni wa kumene mukukhala manje, kalata yofotokoza kuti munachoka osadzabwereranso kukakhala, ndipo kalata yochokera ku ZRA yosonyeza kuti msonkho wanu ndi wa kuno imathandiza kwambiri. Akakhutira amakupatsani kalata yotsimikiza kuti ndinu non-resident, ili ndi deti pamenepo. Chabwino chake n'chakuti zaka zitatu zimawerengedwa kuchokera pa deti imene munachokadi, osati tsiku limene mwadzaza fomu, ndiye ngati munabwera kalekale ndipo zidindo zikuonetsa, mwina nthawi yanu inakwana kale inu osadziwa.

Pasipoti yakale musataye, chonde chonde. Olo ikhale yodulidwa pakona, olo ana anailemba ndi bolopeni. Ife tikatenga pasipoti yatsopano nambala imasintha, pomwe fandi ndi SARS amakudziwani ndi nambala yakale ija, ndiye mukatumiza kope ya yatsopano chabe amaona ngati ndinu munthu wina. Tumizani zonse ziwiri, zodindidwa ndi commissioner for oaths kapena loya, ndipo funsani fandi yanu chidindo chimene amalandira musanalipire. Onaninso kalembedwe ka dzina. Ngati pa pasipoti pali Mbewe koma kalaliki wa kunchito analemba Mbewu, kachilembo kamodzi ako kangaimitse zonse miyezi, konzani msanga ndi afidaviti.

Kwa amene mukadali uko ndipo mukuganiza zobwera, inu ndiye muli ndi mwayi, zambiri zimakonzeka mosavuta musanawoloke. Pitani ku HR mutenge dzina lenileni la fandi, dzina la kampani yoiyendetsa, nambala yanu ya umembala ndi benefit statement yomaliza, pepala loonetsa ndalama zimene muli nazo mu fandi, mutengenso ma IRP5, mapepala a msonkho ochokera kwa abwana, ndi nambala yanu ya msonkho. Akaunti ya ku banki musatseke. Mafandi ambiri amafuna kulipira mu akaunti ya ku South Africa ya dzina lanu lomwe, ya mkazi wanu kapena ya mlamu salola, ndipo kutsegula ina muli kuno ndi chintchito. Auzeni a banki kuti mukuchoka, musiyemo kandalama kolipirira ma chaji kuti isagone. Layini ya foni nayonso isungeni yamoyo, muziikamo ka airtime nthawi ndi nthawi, chifukwa ma OTP a banki ndi a eFiling, manambala achinsinsi otumizidwa pa foni polowa, amapita pa nambala imeneyo ndipo ikakhala miyezi ingapo osagwira nchito amaipatsa munthu wina. Ngati n'kotheka sinthani kuti zizibwera pa imelo. Munthu amakhala pa kompyuta mu kafe ya intaneti ku Down Shops, pasiwedi yalowa bwinobwino, kenako akuti lembani nambala imene tatumiza pa foni, pomwe simu yake inafa kalekale, ulendo wonse wathera pomwepo.

Manje za msonkho, chifukwa apa mpamene muyenera kukhala pansi ndi banja musanasaine. Fandi siingakulipireni popanda tax directive yochokera ku SARS, kalata youza fandi msonkho woti idule, fandiyo imapempha yokha, koma ngati muli ndi ngongole ya msonkho amaidula pomwepo ndipo ma return osatumiza amachedwetsa zinthu. Pa mitengo imene inayamba mu 2023, wotenga ndalama asanafike popuma, kupatula ya mu savings pot, amakhululukiridwa R27,500 yoyamba chabe, yopitirira apo ndi 18% mpaka R726,000, kenako 27%, pamwamba penipeni 36%. Tinene muli ndi R200,000 ndipo simunatapepo chiyambire, a SARS atenga R31,050. Koma wotenga ngati wopuma, kuyambira zaka 55, R550,000 yoyamba ilibe msonkho. Mitengoyi imasintha ndi bajeti yawo ndiye onani ya chaka chimene mukutengera, ndipo dziwani kuti zimene munatapa kale amaziphatikiza powerengera. Maganizo anga ndi awa: ngati muli ndi zaka 52 kapena 53 ndipo pakhomo pali chakudya, dikirani, kuphwasula nkhokwe chimanga cha m'munda chitatsala pang'ono kucha n'kudzilanga nokha. Ngati muli ndi 35 ndipo muli ndi pulani yooneka, ya nyumba kapena ya munda, kutenga kuli ndi nzeru yake, makamaka poti kusamala akaunti ya dziko lina zaka 20 si masewera. Kumbukiraninso kuti pa 55 si nthawi zonse amakupatsani yonse kamodzi, ikakhala yambiri gawo lina limasanduka ya mwezi ndi mwezi, funsani fandi yanu za ichi musanasankhe kudikira.

Ndalama ikalowa mu akaunti ya uko, kuitumiza kuno banki ingakufunseni PIN ya SARS yotchedwa AIT, yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, nayo imapemphedwa pa eFiling. Mbali ya kuno mufunika akaunti ya dzina lanu, NRC ndi TPIN, mutenge SWIFT code ku banki yanu. Funsani ngati ali ndi akaunti ya ma rand kapena madola kuti muzisintha kukhala kwacha pang'onopang'ono pamene mtengo uli bwino. Zonyamula m'chikwama pa basi kapena kupatsira draiva ayi ndithu.

Amene simukumbukira n'komwe dzina la fandi, mwina kampani inatsekedwa, musagwe mphwayi. Ndalama ikakhala miyezi 24 mwini wake osaitenga imawerengedwa ngati unclaimed benefit, ndipo bungwe la FSCA, loyang'anira mafandi ndi alangizi a zandalama ku South Africa, lili ndi posakira pa intaneti paulere, mumalemba dzina ndi nambala ya pasipoti, yesani nambala zonse zakale. Fandi ikamangokuzunguzani osayankha, dandaulo limapita kwa Pension Funds Adjudicator, ofesi yoweruza madandaulo a penshoni kumeneko, nakonso salipiritsa ndipo mutha kulemba muli konkuno. Ndiye munthu akakupezani pa WhatsApp kuti mumpatse pasiwedi ya eFiling ndi ya banki kapena mumtumizire ndalama ya mobile money kuti atsegule fayilo, mkaneni. Ofuna thandizo la katswiri funsani nambala yake ya laisensi ya FSP, ya alangizi a zandalama, muione pa tsamba la FSCA, mugwirizane mtengo polemba musanayambe.

Anzathu a unesi ndi osamalira okalamba amene munabwera kuchokera ku UK, yanu ndi nkhani ina: penshoni ya kunchito siitengeka musanafike 55, ndipo kuyambira April 2028 zikhala 57 kwa ambiri, kuchoka m'dzikomo sikutsegula kanthu. State Pension, penshoni ya boma la UK, amatumiza kuno ngati munasonkha zaka zosachepera 10, koma wokhala ku Zambia samukwezera chaka ndi chaka.

Pomwe mukudikira zonsezi, lembani ku fandi mupemphe fomu ya ma beneficiary, anthu odzalandira ndalamayo inu mukamwalira, muikonzenso. Lembani amayi a kunyumba ndi ana onse, a kuno ndi amene munabereka uko ngati alipo, osabisa, chifukwa lamulo lawo limapatsa ma trustee, oyang'anira fandi, udindo wofufuza onse amene ankadalira inu ndipo akapeza dzina lobisika kugawa kumachedwa, ovutika ndi ana omwewo. Ikanipo nambala za foni za kuno zogwira nchito. Mapepala onse, pasipoti yakale, payslip, benefit statement ndi kalata ya SARS, akhale mu envulopu imodzi, muwajambulenso pa foni mudzitumizire pa imelo, ndipo munthu mmodzi wamkulu pabanja adziwe pamene envulopuyo ili.