Momwe mungalowere mulaibulale ya ku yunivesite muli kumudzi kuno ku Ntcheu

Holide yapitayi inandipeza kwa agogo cha ku Lizulu, dizateshoni ili pakhosi, asupavaiza akufuna chaputa 2 pofika Lolemba. Ndapeza atikolo yabwino pa Google, kungodina basi akuti lipira madola oposa 30 kuti uwerenge. Ndalama imeneyo ine ndiitenga kuti? Chonsecho sukulu inalipira kale, kungoti ndinalowera khomo lolakwika. Mawebusayiti a majenalo amakuzindikira ndi netiweki yomwe wabwera nayo, ukakhala pa Wi-Fi ya pa kampasi amadziwa kuti uyu ndi wathu, koma ukabwera ndi bandulo ya TNM kapena Airtel amakuona ngati mlendo.

Choyamba, onetsetsani kuti imelo yanu ya sukulu ikugwira, ija munapatsidwa chaka choyamba nkuiiwala. Zambiri zimadalira imeneyo osati Gmail yanu. Ngati pasiwedi inathawa m'mutu auzeni a ICT akukonzereni, ndipo bola kuchita zimenezi musanakwere minibasi yobwerera kuno chifukwa kukonzetsa pa foni ndi chintchito.

Kenako pitani pa webusayiti ya laibulale ya sukulu yanu, kaya ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST, musake pomwe alemba e-resources kapena off-campus access. Sukulu iliyonse ili ndi kachitidwe kake, ena amagwiritsa ntchito RemoteXs ena MyLOFT yomwe ili ndi app ya pa foni, koma mfundo yake ndi imodzi: mumalowa kaye pamenepo ndi imelo ya sukulu, mukatero mumadina JSTOR kapena database (nkhokwe ya majenalo) ina iliyonse kuchokera mkati momwemo. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Munthu walowa bwinobwino kenako watsegula tabu ina nkulemba yekha dzina la webusayiti, ndiye akumufunsanso ndalama nkumati zinthuzi sizigwira. Musatulukemo, yendani ndi ma link omwe ali mkatimo. Mukaona dzina la sukulu yanu pamwamba pa tsamba dziwani kuti zatheka.

Chachitatu ndi Research4Life, nkhokwe ya majenalo ndi mabuku ya pa intaneti, ndipo ndimadabwa kuti anzathu ambiri saidziwa pomwe masukulu aku Malawi amaipeza ulere. Muli Hinari ya zaumoyo yomwe inayamba 2002, AGORA ya zaulimi, OARE ya zachilengedwe, ARDI ya sayansi ndi luso komanso GOALI ya zamalamulo. Wa ku Bunda amene akulemba za matenda a mbatata ya kachewere ku Tsangano ayambire pa AGORA. Njira yolowera mumakafunsa kwa alaibulale, ndipo akakupatsani pasiwedi chonde musaiponye pa gulu la WhatsApp la kumpingo, ikafalikira amatha kutsekera sukulu yonse.

Google Scholar nayo ili ndi kachinsinsi kake. Mukaitsegula muli pa Wi-Fi ya pa kampasi mutalowa akaunti yanu ya Google, imakumbukira zomwe sukulu yanu inalipira kwa masiku 30, ndiye tsiku lotsekera sukulu muitsegule kaye musananyamuke. Muli kuno yang'anani kumanja kwa zomwe mwasaka, pakakhala PDF dinani pamenepo. Pakapanda dinani All versions, nthawi zambiri wolemba anaikanso pepala lomwelo pena pake paulere. African Journals Online ilinso ndi zambiri zaulere, Malawi Medical Journal ili momwemo.

Tsopano za kwathu kuno. Nsewu wa M1 cha ku Lizulu ndi Biriwiri umayenda m'malire enieni, ndipo foni imatha kudumphira netiweki ya ku Mozambique iwe osadziwa, bandulo ilipo koma intaneti zii. Ine zinandichitikira ndili mkati motsitsa PDF ya masamba 200, ndakhala pachulu kuseri kwa khola ndi jekete ziwiri chifukwa ndi pokhapo pamagwira. Pitani ku settings, chotsani automatic pa kasankhidwe ka netiweki musankhe yanu nokha, data roaming muzimitsenso. Ngati mukugwiritsa laputopu pa hotspot ikani metered connection, apo ayi Windows iyamba ma update nkumeza bandulo yonse musanawerenge ndi tsamba limodzi lomwe.

Osawerengera pa intaneti. Lembani mitu ya mapepala omwe mukufuna masana, tsitsani onse nthawi imodzi usiku kapena mbandakucha netiweki ikapepuka, muwapatse maina omveka monga wolemba ndi chaka, muziwerenga pang'onopang'ono ngakhale magetsi atazima. Koma musatsitse jenalo yathunthu kapena mazana a mapepala kamodzi, eni majenalo amaona ngati ndi kuba ndipo amatseka akaunti.

Zikakanikabe lemberani alaibulale imelo, muikemo dzina, registration number, mutu wa pepalalo ndi DOI yake (nambala yozindikiritsa pepalalo pa intaneti) ngati ilipo, komanso screenshot ya uthenga omwe ukubwera. Kungolemba kuti "sizikutheka" akufunsani mafunso kawiri katatu, Lolemba nkukwana.