Masamba oyera, thambo lakuda: kujambula ndi filimu ya infrared pa kamera yakale

Filimu yanga yoyamba ya infrared, kuwala kumene maso athu saona, inatuluka yoonekera mbee ngati galasi. Pa mafelemu 36, anayi okha ndi amene ankaonetsa kuti apa panali mtengo. Ndinadalira mita yoyezera kuwala ya m'kamera, osadziwa kuti ikakhala kuseri kwa fyuluta imanama.

Ine ndimajambulira Pentax K1000, lenzi ya 50mm, ndi fyuluta ya Hoya R72. Nambala 72 ikutanthauza kuti imatsekereza kuwala kochepera mananomita 720 (muyezo wa utali wa mafunde a kuwala), komwe ndi pafupifupi konse kumene maso athu amaona. Mukaigwira m'manja imangooneka yakuda bii. Musayerekeze kuyang'anira nayo dzuwa: diso silitsinzina, pomwe infrared ikulowa ndithu.

Filimu ya Kodak HIE, imene inkafika mpaka mananomita 900, anasiya kupanga mu 2007. Masiku ano timadalira Rollei Infrared 400 ndi Ilford SFX 200. SFX imathera cha pa 740, ndiye masamba sayera kwambiri. Ine mtima wanga uli pa Rollei. Poika filimu m'kamera khalani pamthunzi weniweni, kapena m'nyumba.

Tsopano mvetsetsani, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwera. Pa kamera ngati yangayi mumayang'anira m'lenzi momwe, choncho fyuluta ikangovala, mwasanduka wakhungu. Zonse muchitiretu isanavale. Ikani kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), konzani chithunzi mmene mukuchifunira, ikani fokasi. Kenako yang'anani pamwamba pa lenzi. Malenzi ambiri akale ali ndi kadontho kapena kamzere kofiira pambali pa mzere wapakati. Kuwala kwa infrared sikukumana pamalo amodzi ndi kuwala wamba, ndiye nambala ya mtunda imene yaima pa mzere wapakati, kaya ndi mamita 5, muisunthire pa kadonthoko. N'kusuntha kochepa zedi, koma kukaiwalika pa f/2.8, bowo la lenzi litatseguka kwambiri, chithunzi chimatuluka ngati mwajambula muli ndi misozi. Ine ndimakhala pa f/8 kapena f/11, bowo laling'ono, kuti ndikaphonya pang'ono zisaoneke.

Kuwala yezani fyuluta isanavale, mita ili pa ISO (nambala ya mmene filimu imamvera kuwala) 6 kapena 12, osati 400 yolembedwa pabokosi. K1000 yanga sitsika kufika pa 6, ndiye ndimayeza pa 400 n'kuwonjezera masitepe 6 pamtima (sitepe iliyonse imachulukitsa kuwala kawiri): 1/500 ya sekondi imasanduka 1/8. Mukatero veketsani fyuluta mosamala, fokasi isasunthe. Jambulani katatu: pomwe mwayezapo, sitepe imodzi kuposera, ndi imodzi kuchepera. Mita imayeza kuwala kooneka kokha, za infrared imangoganizira.

Dzuwa la masana, limene ojambula ena amalithawa, ndi limene likufunika. Masamba amoyo amabweza infrared yambiri, n'chifukwa chake amayera ngati thonje, pomwe thambo lopanda mitambo ndi madzi zimada. Wasayansi Robert Wood anaonetsa zithunzi zotere mu 1910, ndipo maonekedwewa amadziwikabe ndi dzina lake. Kukachita mitambo, sungani filimu yanu.

Makamera ena a Canon EOS amawerenga mabowo a filimu ndi kanyali ka infrared, kamene kangadetse m'mphepete mwa negetivu. Kamera yakale yopukusa ndi chala ilibe zimenezo. Kutsuka n'chimodzimodzi ndi filimu iliyonse yopanda mitundu, mankhwala a D-76 kapena Rodinal akukwana.